Pulogalamu yoonetsa pamene katundu ali mu weyahausi: tisankhe iti?

Sitolo_Luchenza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi weyahausi ku Luchenza, mamita 30 mulitali, 15 mulifupi. Mumakhala feteleza wa Urea ndi NPK, mbewu ya chimanga ndi mankhwala a m'munda, ndipo dzinja likayandikira matumba amafika 3,000. Ma bin card, makadi omwe timalembapo katundu wolowa ndi wotuluka, amatiuza kuti matumba atsala angati koma satiuza kuti ali pati. Tikufuna pulogalamu yoti ukatsegula uone chithunzi cha nyumba yonse, mulu uliwonse pamalo pake. Makalaliki ndi awiri, onse ali ndi mafoni a Android. Mkatikati mwa nyumbamo netiweki imavuta.

Kalaliki_waMasamba:
Achimwene, musanagule chilichonse gulani kaye penti wachikasu. Pulogalamu siingajambule malo opanda dzina. Dulani pansipo m'mizere, A, B, C, D, mzere uliwonse muugawe zipinda za manambala, kuti mulu ukhale ndi adiresi ngati B-07. Pakati siyani kanjira kokwana wilibala kapena aganyu awiri osenza matumba kupishana, ndipo mulu utalikirane ndi khoma pafupifupi mita imodzi. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje makoma amatuluka thukuta nthawi ya chiperoni, Urea akagunda khoma amayamwa chinyezi n'kuuma ngati mwala. Chipinda chimodzi, katundu wa mtundu umodzi, batch imodzi (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi). Mankhwala akhale ndi mzere wawo kutali ndi mbewu.

Mukatero, pa matumba 3,000 Google Sheets, pulogalamu ya matebulo yofanana ndi Excel, ikukwanirani. Tsamba loyamba likhale la mayendedwe: tsiku, katundu, batch, kuchokera, kupita, matumba angati, wolemba ndani. Lachiwiri mulikonze ngati mapu, bokosi lililonse likhale chipinda chimodzi monga chilili pansi, ndipo fomula yophatikiza ya SUMIFS iwerenge matumba olowa kuchotsera otuluka. Conditional formatting, yomwe imasintha mtundu wa bokosi malinga ndi nambala ili m'menemo, ipake mtundu: chobiriwira muli malo, chofiira mwadzaza, choyera mulibe kanthu. Dzina la katundu ndi adiresi azisankha pa mndandanda, asamalembe pamanja. Wina akalemba "B7" mnzake "B-07", mapu aonetsa chipinda chopanda kanthu pamene muli matani asanu.

Mayi_aku_Chitakale:
Za penti ndagwirizana nazo. Koma kudzaza Sheets pa kafoni, lole ili pakhomo dalaivala akuliza hutala, palibe kalaliki angapirire. Adzalemba papepala kuti alowetsa madzulo, madzulowo osafika. Ikani AppSheet, pulogalamu yopangira app ya pafoni, pamwamba pa Sheets yomweyo. Imawerenga QR code (kachizindikiro ka timabokosi komwe mungaike pa chipinda chilichonse) ndi kamera ya foni, imagwira ntchito popanda netiweki n'kudzatumiza ikapezeka, komanso ili ndi column ya mtundu wa XY yomwe imaika madontho pa chithunzi chanu. Mumajambula pulani ya weyahausi, n'kuika dontho pa chipinda chilichonse. Mukadina dontho mumaona zomwe zili m'menemo. Chithunzi mukufunacho ndi chimenecho.

Misampha ndi iwiri. Woyamba: mafoni onse awiri akakhala opanda netiweki, aliyense atha kutulutsa matumba 60 pa mulu wa 100, chifukwa foni iyi sikudziwa zomwe inzake yachita. Zolemba za mafoni awiriwo zikadzakumana mupeza -20. Njira yopewera izi n'kugawana ntchito, wina wolandira wina wotulutsa, ndipo aliyense azituluka panja kukachita sync (kutumiza zomwe walemba) lole ikangochoka. Wachiwiri ndi wa ndalama: kuyeserera n'kwaulere, koma mukaiyika pantchito mumalipira munthu aliyense pamwezi, m'madola, ndi khadi. Funsani kaye ku banki yanu ngati khadiyo izidutsa mwezi ndi mwezi.

Sitolo_Luchenza:
Zikomo amayi. Nanga mapulogalamu oyendetsera bizinesi a Odoo ndi ERPNext omwe anthu amawatama?

Wamakompyuta_Bvumbwe:
Ndi zabwino, bwana, koma zimayankha funso lina. Zonse ziwiri zimasanja malo ngati nthambi za mtengo, weyahausi, mzere, chipinda, ndipo mumaona mndandanda, osati chithunzi cha pansi. Mapu amafuna kuwonjezera module (chigawo chapadera cha pulogalamu) yopangidwa ndi anthu ena kapena kulemba ntchito katswiri. Mphamvu yake ili pa ma batch ndi masiku otha ntchito. Odoo ili ndi FEFO, imauza kalaliki kuti atulutse kaye zomwe zatsala pang'ono kutha mphamvu, zomwe pa mbewu ndi mankhwala zimapulumutsa ndalama zambiri. Dziwani kuti app ya Barcode ya Odoo ili mu mtundu wolipira wa Enterprise, mu mtundu waulere wa Community mulibe. ERPNext ndi yaulere yonse, ndipo mukazimitsa Allow Negative Stock imakana kutulutsa katundu amene palibe, ndiye za -20 zija sizichitika. Koma imafuna seva, kompyuta yosunga pulogalamuyo ndi zolembedwa zonse. Mukaiika pa kompyuta ya mu ofesi, mufunika UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima), rauta yofikitsa Wi-Fi mpaka kumapeto kwa mzere D, ndi munthu wokopera zolembedwa zonse n'kusunga padera (backup) tsiku lililonse. Magetsi akazima pakati polemba, popanda UPS, database, nkhokwe ya zolembedwa zonse, itha kuwonongeka. Ngati mukufuna ma invoisi ndi akaunti zikhale pamodzi ndi sitoko, pitani kumeneko. Ngati vuto ndi "thumba lili pati" basi, khalani pa zomwe anena amayi aja.

Kalaliki_waMasamba:
Ndiwonjezere za malebulo, poti ndi pamene ambiri amagwera. Pepala la direct thermal, ngati la malisiti a m'shopu lija, limafufutika likaona kutentha kwa pansi pa malata. Sindikizani pa lebulo ya poliyesita ndi riboni ya resin, kapena QR ya masentimita 10 papepala wamba, muichite laminate. Musamate pansi, mapazi ndi fumbi la feteleza zimaidya. Pachikani pa waya pamwamba pa chipinda kapena pa kamtengo koimika pakona, ndipo adiresi ilembedwenso ndi zilembo zazikulu kuti aganyu aziwerenga ali patali. Zomangira zikhale za pulasitiki, feteleza amadya chitsulo.

Aganyu akasuntha matumba 15 kuti apeze podutsa, nakonso ndi kusuntha, kulembedwe. Lachisanu lililonse werengani mzere umodzi ndi manja, muyerekeze ndi mapu. Mizere inayi, pakutha pa mwezi mwazungulira nyumba yonse.

Sitolo_Luchenza:
Ndamva. Loweruka tipenta mizere, tiyambe ndi mzere wa mbewu pa AppSheet kwa masabata awiri, ma bin card tisanawasiye. QR ija ikhale ndi adiresi yokha, kapena ndi dzina la katundu lomwe?

Mayi_aku_Chitakale:
Adiresi yokha. Katundu amasintha, B-07 sasintha.