Kupeza sin 75° popanda kalikyuleta

Wophunzira wa ku Matero:
Aphunzitsi, ndikukonzekera mayeso a Giredi 12, ndipo ndikupempha kuti mundithandize mmene ndingapezere yankho lenileni la sin 75° popanda kalikyuleta.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Mwana wanga, gawa 75° kukhala 45° ndi 30°, chifukwa sine ndi cosine za ngodya ziwirizi uyenera kuzidziwa pamtima. Lamulo likuti sin(A+B) = sinA cosB + cosA sinB, choncho upeza (√2/2)(√3/2) + (√2/2)(1/2), zomwe zimapereka (√6+√2)/4. Usalembe 0.966, pakuti nambala imeneyo ndi yongoyandikira.

Kholo la ku Kabwata:
Ndiwonjezereko kuti cos 15° ili ndi yankho lomwelo, popeza 15° ndi 75° zikaphatikizidwa zimakwana 90°.

Wophunzira wa ku Matero:
Zikomo kwambiri. Nanga sin 15°?

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Chotsa 30° pa 45°, ndipo chizindikiro chapakati chikhala chochotsera: (√6−√2)/4.