Ndibzale chani pakabwalo kakang'ono?

Nambewe: Abale ndithandizeni, tangolowa nyumba ku Area 49 ndiye kabwalo nkakang'ono kwambiri, ndibzale maluwa anji osafuna kuthirira tsiku ndi tsiku? Bilu ya madzi ikundivuta kale.

Bambo a Tada: Duranta yachikasu ija mayi, mungodula nthambi nkuzika imagwira, chilimwe imapirira ndithu koma mvula ikayamba imakula msanga ndiye muzimeta pafupipafupi apo ayi isanduka tchire.

Anaphiri: Ine ndinganene alovera, mwina ndi bougainvillea wa mumphika, awa dzuwa la Okotobala saliopa. Koma nkhadze musayerekeze ngati muli ndi ana, utomoni wake ukalowa mmaso ndi ngozi yaikulu.

Nambewe: Zikomo anzanga, ana alipo atatu nkhadzeyo ayi. Ndibzala mu Disembala mvula ikakhazikika.