Kodi malo a boma ku United States atetezedwe kapena akumbidwe migodi?

Kamtsinje analemba:

Ndakhala ndikutsatira mkangano wa malo a boma ku United States, ndipo pali mfundo imene ikundisowetsa mtendere. Boma la dzikolo lili ndi maekala pafupifupi 640 miliyoni, ndipo oposa 110 miliyoni mwa amenewa anatetezedwa pansi pa lamulo la Wilderness Act la mu 1964, limene limaletsa misewu, magalimoto ndi kudula mitengo yamalonda. Popeza masiku ano kopa ndi lithium zikufunika kwambiri popanga mabatire, kodi n'chanzeru kuwonjezera malo oterewa pamene pansi pa ena mwa iwo pali miyala imene dziko likuifuna?

Mlonda analemba:

A Kamtsinje, ine ndikuona kuti anthu amene amafuna kuti malowa awonjezeredwe nthawi zambiri amakhala kutali nawo. Ku Nevada pafupifupi 80 peresenti ya nthaka ndi ya boma la dziko lonse, ndipo maboma aang'ono sangatolere msonkho pa malo amenewo, ngakhale kuti sukulu ndi misewu zimadalira msonkho wa malo. Kadzidzi wamawanga atalowetsedwa pa mndandanda wa nyama zotetezedwa mu 1990, kudula mitengo m'nkhalango za boma ku Oregon ndi Washington kunatsika kwambiri, mafakitale ochekera matabwa ambiri anatsekedwa, ndipo mabanja amene anakhala m'matauni amenewo kwa mibadwo anasamuka. Komanso miyala imene sikumbidwa kumeneko idzakumbidwa kwina, mwina kumene malamulo oteteza madzi ndi antchito ndi ofooka.

Nyenyezi analemba:

Ndikumva chisoni chimene a Mlonda afotokoza, ndipo sindikuchipeputsa, koma zisankho ziwirizi n'zosiyana kulemera kwake. Malo otetezedwa akhoza kutsegulidwa tsiku lina ngati Nyumba ya Malamulo itasintha maganizo, chifukwa miyala imakhalabe pansi pomwepo ikudikira, pamene malo okumbidwa sabwereranso mwakale.

Taganizirani za Boundary Waters ku Minnesota, dera la nyanja zoposa 1,000 zolumikizana ndi timitsinje, kumene munthu amayenda pa bwato lopalasa, n'kulisenza pamapewa akafika pamtunda. Kopa ndi nickel za m'derali zili m'miyala ya sulufule, ndipo miyala imeneyi ikaphwanyidwa n'kukumana ndi madzi ndi mpweya imatulutsa asidi amene amatsika ndi madziwo kupita kumunsi. Zoterezi zinaoneka ku Colorado mu 2015, pamene mgodi wakale wa Gold King, umene unali utasiyidwa kwa zaka zambiri, unakhavula madzi apoizoni okwana magaloni 3 miliyoni mu mtsinje wa Animas. Mtsinjewo unasanduka wachikasu, ndipo alimi a mtundu wa Navajo kumunsi anatseka ngalande zothirira mbewu zili m'munda.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti lamulo la migodi la mu 1872 likugwirabe ntchito, ndipo limalola makampani kukumba golide, siliva ndi kopa pa malo a boma osapereka gawo la phindu la miyalayo ku boma. Kampani ikagwa, ntchito yoyeretsa madzi imatsalira okhoma msonkho omwewo amene a Mlonda akuwadera nkhawa.

Mlonda analemba:

Pa za lamulo la 1872 ndikugwirizana nanu, liyenera kukonzedwa. Koma onaninso zimene zinachitika ku Bears Ears, dera la mapiri ku Utah: Pulezidenti Obama anateteza maekala 1.35 miliyoni mu 2016 atapemphedwa ndi mitundu isanu ya eni nthaka, Trump anachepetsa malowo ndi pafupifupi 85 peresenti mu 2017, ndipo Biden anawabwezeretsa mu 2021. Woweta ng'ombe sangakonze za mawa lake m'malire osinthasintha chotere, ndipo mitundu imene makolo awo anagona m'mapiri amenewo siingakhale ndi mtima m'malo. N'chifukwa chake ndikufuna kuti malire aikidwe ndi Nyumba ya Malamulo, anthu a m'deralo atamvedwa kaye.