Makompyuta akale akukana Arch Linux, ndipo magetsi akazima sakuyakanso

Mphunzitsi wa makompyuta, Domasi

Akuluakulu, ndakupatsani moni nonse. Ndabwera ndi vuto lomwe landidyera masiku awiri, ndipo ndikupempha amene anakumanapo nalo kuti andiunikire. Sukulu yomwe ndimaphunzitsa inalandira makompyuta asanu ndi atatu a pa desiki omwe ankagwira ntchito mu ofesi ina. Kompyuta iliyonse ili ndi RAM ya 4 GB ndi hard disk ya 500 GB, ndipo onse anabwera ndi Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Windows 11 singalowemo chifukwa makinawa alibe TPM 2.0, kachipangizo kachitetezo komwe Windows 11 imafuna. Ndinasankha kuyika pamanja Arch Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows, popanda pulogalamu yondiyikira, chifukwa ndikufuna kuti m'makinamo mulowe zokhazo zomwe tizigwiritsa ntchito, komanso kuti ana a Fomu 4 aone ndi maso awo mmene kompyuta imadzukira.

Ndinayatsa kompyuta yoyamba kuchokera pa fulashi yomwe ili ndi ISO ya Arch, fayilo yoyikira Arch, ndi kuilumikiza ku intaneti ya pa foni yanga kudzera pa chingwe cha USB. Ndi cfdisk ndinagawa hard disk patatu: chigawo cha EFI cha 1 GB, cha swap cha 4 GB, ndipo malo otsalawo ndinawapatsa ext4. Zonsezi zinayenda bwino mpaka pamene ndinalemba pacstrap -K /mnt base linux linux-firmware. Mafayilo anatsika onse, koma pomaliza pacman, pulogalamu ya Arch yotsitsa ndi kuyika mapulogalamu, inawakana ndi mawu akuti "invalid or corrupted package (PGP signature)". Ndabwereza katatu, ndipo bandulo yanga yatsala pang'ono kutha. Kodi hard disk ndiyo yawonongeka, kapena mafayilo akuduka panjira chifukwa cha netiweki?

Wokonza makompyuta, Matawale

Aphunzitsi, musabwerezenso kachinayi, ndalama zanu zingothera pa bandulo. Uthenga umenewo nthawi zambiri sutanthauza kuti fayilo yaduka. Phukusi lililonse la Arch, kutanthauza fayilo yonyamula pulogalamu, limasainidwa ndi kiyi ya munthu amene analikonza, ndipo pacman imayerekeza siginechayo ndi makiyi omwe ali pa fulashi yanu. Makiyiwo ali ndi tsiku lomwe anapangidwa ndi tsiku lomwe adzathe mphamvu, choncho wotchi ya kompyuta ikasokonekera, kapena makiyi a pa fulashi akakhala akale, fayilo yabwinobwino imaoneka ngati yachinyengo.

Ndiyankheni zinthu ziwiri. Lembani timedatectl, mundiuze zomwe zili pa mzere wa RTC time ndi pa mzere wa System clock synchronized. Chachiwiri, ISO yomwe ili pa fulashiyo munaitsitsa liti? Arch imatulutsa ISO yatsopano mwezi uliwonse, ndipo yomwe yagona miyezi ingapo imakhala isakudziwa makiyi ena atsopano. Ngati ndi choncho, konzani kaye tsiku ndi nthawi mu BIOS (pulogalamu ya pa bolodi yomwe imayamba kompyuta ikangoyatsidwa), muyatsenso, mudikire mpaka mzere wachiwiriwo unene kuti yes, kenako mulembe pacman -Sy archlinux-keyring musanabwerere ku pacstrap. Phukusi la makiyilo ndi laling'ono kwambiri, silingakulandeni data yambiri.

Mphunzitsi wa makompyuta, Domasi

Achimwene, mwalasa penipeni. RTC time, yomwe ndi wotchi ya pa bolodi, inkasonyeza chaka cha 2013, ndipo ISO ndinaikopera kwa mnzanga miyezi isanu yapitayo pofuna kupulumutsa data. Nditakonza wotchi ndi makiyi, pacstrap inadutsa popanda kudandaula. Ndinapitiriza ndi genfstab -U, ndinalowa ndi arch-chroot, nthawi ndinaiika pa Africa/Blantyre, ndinalemba hwclock --systohc, ndinakonza locale ndi pasiwedi ya root, kenako ndinayika GRUB, pulogalamu yoyatsira Linux, ndi efibootmgr. Kompyuta inayaka yokha kuchokera pa hard disk, ndipo ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Usiku magetsi anazima. M'mawa uno ndayatsa, sikirini yangolemba kuti "No bootable device". Chomwe chandidabwitsa kwambiri n'chakuti ngakhale fulashi yomwe ndinagwiritsa ntchito dzulo ikukana kuyatsa makinawa. Ndalowa mu BIOS, ndapeza wotchi yabwereranso ku 2013. Kodi kuzima kwa magetsiko kwaononga GRUB?

Katswiri wa netiweki, Chinamwali

Bambo aphunzitsi, GRUB yanu ili bwino, ndipo musayerekeze kufufuta hard disk kuti muyambirenso. Mavuto awiriwa, la dzulo ndi la lero, gwero lake ndi limodzi. Tsegulani chivundikiro cha kompyutayo, muyang'ane pa bolodi, pafupi ndi timipata ta makhadi: muona kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ndi kusunga zomwe munasankha mu BIOS pamene makina achotsedwa ku magetsi. Katsopano kamakhala ndi mphamvu ya 3 V. Makina omwe akhala zaka zoposa khumi, n'kugonanso m'sitolo miyezi yambiri osalumikizidwa, kawirikawiri amabwera kabatireko katatheratu.

Kabatire kakufa sikadziwika malinga ngati chingwe chili kukhoma ndipo magetsi alipo, chifukwa bolodi imalandirabe mphamvu pang'ono ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Magetsi akangozima, BIOS imaiwala zonse n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Makina a nthawi ya Windows 8 ankachoka ku fakitale Secure Boot ili yoyatsa, ndipo Secure Boot imakana pulogalamu iliyonse yoyatsira kompyuta yomwe sinasainidwe ndi kiyi yomwe BIOS ikuidziwa. GRUB yomwe munayika sinasainidwe, ndipo ISO ya Arch nayonso siyaka pamene Secure Boot ili yoyatsa. N'chifukwa chake hard disk ndi fulashi zakana tsiku limodzi. Ndikukhulupirira kuti munazimitsa Secure Boot tsiku loyamba lija, ndipo mwina simukukumbukiranso.

Gulani mabatire asanu ndi atatu, osati limodzi, chifukwa makina obwera pamodzi amakalamba pamodzi. Amapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'masitolo a zamagetsi m'tauni. Mukasintha, konzani wotchi, zimitsani Secure Boot, ndipo onetsetsani kuti makina akuyaka mwa UEFI. Ndikulangizaninso chinthu china chomwe chandipulumutsa kangapo: lowaninso ndi arch-chroot, mubwereze grub-install --target=x86_64-efi --efi-directory=/boot mutawonjezera --removable. Mukatero GRUB imakhala pa EFI/BOOT/BOOTX64.EFI, malo omwe BIOS imayang'ana yokha ngakhale itataya mndandanda wake wa zoyatsira.

Wokonza makompyuta, Matawale

Mayi a ku Chinamwali anena zoona, ndipo ndikuvomera kuti ndinayenera kufunsa za batire dzulo lomwe nditangomva za 2013. Ndinachiza chizindikiro n'kusiya matenda. Koma Aphunzitsi, mundilole ndinene maganizo anga pa chisankho chenichenicho. Arch imasintha mapulogalamu ake mosalekeza, ndipo makina omwe akhala miyezi yambiri osalandira zatsopano amadzavuta ndi nkhani yomweyi ya makiyi tsiku lomwe mudzafune kuyikamo kanthu. Kusukulu komwe intaneti ndi ya pa foni ya mphunzitsi, katundu ameneyu ndi wolemera. Debian, yomwe ndi Linux ina, imatulutsa mtundu wokhazikika pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo Debian 13 inatuluka mu August 2025. Kuyambira pa Debian 10, m'chaka cha 2019, imayaka ngakhale Secure Boot ili yoyatsa, kotero vuto la m'mawa uno silikanakugwerani mwanjira imeneyi. Mutha kuiyika yopanda desktop, n'kuwonjezera nokha desktop yopepuka yotchedwa Xfce, ndipo pa RAM ya 4 GB imathamanga bwino.

Katswiri wa netiweki, Chinamwali

Pa makina a ana ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndikugwirizana nanu, Achimwene. Koma batirelo lisinthidwe ngakhale atasankha Debian, chifukwa wotchi yobwerera m'mbuyo imachititsa kuti asakatuli akane masamba a https, ponena kuti satifiketi yake sinayambe kugwira ntchito, ndipo ana adzaganiza kuti intaneti yafa. Komanso cholinga cha aphunzitsi ndi chomveka. Mwana amene walemba yekha fstab, fayilo yondandalika zigawo za hard disk, n'kuona chomwe chimachitika akalakwitsa UUID (nambala yozindikiritsa chigawo) imodzi, amamvetsa zinthu zomwe sangaziphunzire pongodina Next.

Mphunzitsi wa makompyuta, Domasi

Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Ndinachotsa kabatireko n'kukayeza ndi multimeter ya mu labotale yathu ya sayansi, ndipo kanasonyeza mphamvu yosafika ngakhale 1 V. Mwa asanu ndi awiri enawo, limodzi lokha ndilo linali ndi moyo. Nditaika latsopano ndinapezadi Secure Boot ili yoyatsa, monga Mayi ananenera. Ndaizimitsa, ndabwereza grub-install ndi --removable, kenako ndazula chingwe kukhoma kwa theka la ola kuti ndiyese. Nditabwezera, kompyuta yayaka yokha ndipo wotchi ikulondola.

Ndinapezanso cholakwa changa china: nditalowa ngati root munalibe netiweki, chifukwa phukusi la base silibwera ndi NetworkManager, pulogalamu yolumikizira netiweki, ndipo ine sindinakonze njira ina iliyonse yolumikizira. Ndinabwerera pa fulashi, ndinayika networkmanager mu chroot, n'kulemba systemctl enable NetworkManager. Pa nkhani ya Debian, Achimwene, ndamva ndipo ndagonja pang'ono: makina asanu ndiyikamo Debian ndi Xfce kuti ana azilembera ndi kuwerengera, atatu atsale a Arch ophunzirirapo kuyika pamanja. Funso langa lotsala ndi la data. Kodi pali njira yoti awiri otsalawo ndisatsitsenso mafayilo omwewo?

Wokonza makompyuta, Matawale

Njira ilipo. Mafayilo onse omwe munatsitsa ali pa kompyuta yoyamba mu /var/cache/pacman/pkg. Akopereni pa fulashi yachiwiri, pamodzi ndi timafayilo ta .sig ngati tilimo. Mukayatsa kompyuta yotsatira ndi ISO, lumikizani foda ya pa fulashi yachiwiriyo pa /var/cache/pacman/pkg ya ISO ndi mount --bind, kenako muwonjezere -c pa pacstrap kuti itenge mafayilo pamenepo m'malo motsitsa atsopano. Intaneti idzafunikabe kuti pacman itenge mndandanda wa maphukusi ndi makiyi, koma zimenezo ndi zochepa. Yesetsani kumaliza makina awiriwo mawa lomwe, chifukwa phukusi lililonse lomwe lasinthidwa pakati pa lero ndi tsiku loyikalo, makamaka linux ndi linux-firmware omwe ndi akuluakulu, lidzatsikanso lonse. Ndipo pa mzere wa pacstrap womwewo mulemberetu networkmanager, grub, efibootmgr ndi nano, kuti musabwererenso pa fulashi kachiwiri.