Meyi wafika ku Cape Town koma kukutenthabe, mvula kulibe: ndimutenge mdzukulu wanga?

AgogoChilenje analemba:

Muli bwanji nonse. Pali nkhani yomwe ikundisowetsa tulo, ndiye ndati ndifunse kuno poti ena mwa inu munakhalako ku South Africa, ena mumapitako ndi ntchito.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Cape Town, mbali ya Philippi, ndi mwamuna wake ndi kamnyamata kawo ka zaka 4. Iye amaluka tsitsi pa saluni, apongozi angawo amagwira maganyu m'minda ya mphesa. Akuchita lendi kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Chiyambire Epulo, tikangolumikizana pa WhatsApp mawu ake ndi amodzimodzi: "Amayi, kuno kukutentha, mvula sikubwera." Lamulungu lapitali anandiimbira pa vidiyo. Ndinaona mdzukulu wanga atakhala pakhomo wosavala malaya, thukuta lili kamukamu, milomo itang'ambika. Mu Meyi muno! Kuno ku Chilenje, mu Lusaka, ine majuzi ndinatulutsa kale, m'mawa ndimayamba ndaotha mbaula ndisanagwire tsache. Akuti kukuomba mphepo yotentha yochokera kumapiri, akayanika zovala zimauma asanamalize kutsukuluza zina. Mwanayo ali ndi mphumu, ndipo usiku akumatsokomola ndi fumbi.

Chomwe chandizunguza mutu ndi ichi. Kwathu kuno mvula ikaleka mu Epulo palibe amalira, ndi nthawi yoti chimanga chiume tikolole. Nanga iwo akulirira mvula mu Meyi bwanji? Akuti anthu kumeneko ayamba kutchulanso za 2018, chaka chija tinkawaona pa TV ali pamzere ndi zigubu.

Ine maganizo anga ndi otumiza ndalama ya basi kuti mwanayo abwere ndikhale naye mpaka kutazizira. Bambo ake akukana. Ndithandizeni nzeru, kodi zimenezi ndi zoopsa kapena ndi mantha anga chabe?

Mphunzitsi_Kabwata anayankha:

Agogo, pepani ndi nkhawayo. Mwana wanu sakudandaula pachabe. Ndinaphunzitsa jogalafe ku sekondale mpaka kupuma, ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono.

Nyengo ya ku Cape Town ndi yosemphana ndi yathu. Ife mvula imabwera ndi kutentha, kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Kwa iwo miyezi imeneyo ndiye chilimwe: dzuwa, ndi chimphepo chochokera kum'mwera chakum'mawa chosalola munthu kuvala chipewa. Mvula yawo yeniyeni imagwa nthawi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo imachokera kunyanja ya Atlantic. Mitambo yozizira imayenda kuchokera kumadzulo, ikagunda mapiri n'kukhuthula madzi. M'masika, Epulo ndi Meyi, ndi pamene yoyambirira imayenera kufika. Koma pamwamba pa nyanjayo pali dera lalikulu la mpweya wolemera. M'chilimwe derali limakhala chakum'mwera n'kumatchinga mitamboyo. Kukayamba kuzizira limasunthira kumpoto, njira n'kutseguka. Chaka chimene lachedwa kusuntha, mitambo imalambalala kum'mwera, mvula n'kuthera m'nyanja, kumtunda kuli gwa.

Mphepo yotentha yomwe akunenayo kumeneko amati berg wind. Imachokera kumtunda, kudera lokwera la mkati mwa dziko, ndipo mpweya ukamatsetsereka kuchoka pamwamba kupita kugombe umatentha ndi kuuma. Kawirikawiri imaomba mitambo yozizira ija ili m'njira, choncho nthawi zina tsiku lotentha koopsa limatsatana ndi mvula. Si nthawi zonse, koma kutenthako pakokha sikutanthauza kuti chaka chawonongeka.

Za madzi akumwa. Mzindawu umadalira madamu 6 akuluakulu a m'mapiri. Lalikulu ndi Theewaterskloof, pafupi ndi Villiersdorp, lomwe palokha limasunga kupitirira theka la madzi a madamu onsewo. Zili ngati nkhokwe: amakolola madzi miyezi yochepa yozizira, n'kumadya chaka chonse. Za 2018 zija sizinabwere chifukwa cha masika amodzi ouma ayi. Mvula inachepa zaka 3 zotsatizana, 2015, 2016 ndi 2017, mpaka ku Theewaterskloof mitengo yomwe inamira kalekale inaonekera poyera, pansi pali mchenga wokhawokha. Ndiye musanasankhe chochita, muuzeni mwana wanu aone kuchuluka kwa madzi m'madamu. Khonsolo ya mzinda imaika chiwerengerocho pa intaneti, aliyense amaona pafoni. Kwa ine, madamu akakhala ndi madzi opitirira theka pomwe chilimwe chikutha, za mpopi kuuma chaka chomwecho musaziganizire.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi cham'tsogolo. Ofufuza za nyengo anapeza kuti pa chilala chija mvula yoyambirira ya Epulo ndi Meyi inasowa kwambiri, komanso kuti kusintha kwa nyengo kunachulukitsa pafupifupi katatu mwayi woti chilala chotere chichitike. Ndiye masika ouma ngati awa ana athu aziwaona pafupipafupi.

WaMatero anayankha:

Amayi, aphunzitsi afotokoza za kumwamba, ine ndinene za pansi poti ndinali komweko zaka zimenezo. Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Claremont, ndikukhala ku Imizamo Yethu ku Hout Bay.

Za madzi zinali zowawa, sindikana. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu ankaloledwa malita 50 patsiku, zonse momwemo: kumwa, kuphika, kusamba, kuchapa, chimbudzi. Kuntchito abwana anga ankasamba ataima m'beseni, madziwo ine n'kutapa ndi ndowa kukathira m'chimbudzi. Madzi otsukuluzira zovala ndinkakolopera, otsala n'kuthirira kamtengo ka mandimu komwe amayi a m'nyumbamo anakana kuti kafe. Loweruka tinkalawirira kukasupe wa ku Newlands, kukadali mdima, mzere wa zigubu utafika kale kumsewu, azungu ndi ife tonse pamzere umodzi. Tsiku lotseka mipopi, Day Zero, analiika pa 12 Epulo, ati madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti aliyense azikatunga malita 25 pamalo pafupifupi 200. Silinafike. Anthu anachepetsa madzi kuchoka pa malita 1.2 biliyoni patsiku kufika cha m'ma 500 miliyoni, alimi a ku Grabouw anatsegulira mzinda madzi a m'madamu awo, kenako mvula inagwa. Pofika 2020 madamu anali atadzaza.

Koma ndikuuzeni zoona, amayi. Ife a m'makomboni malita 50 sanatidabwitse. Munthu wotunga pampopi wa gulu ndi ndowa pamutu, malita 50 amafikapo liti? Amene analira kwambiri ndi a m'mayadi okhala ndi kapinga. Ngakhale pa dongosolo la Day Zero lija ananena kuti m'makomboni mipopi sidzatsekedwa.

Chomwe muyenera kuopa pa nyengo ngati imeneyi ndi moto. Kukauma chonchi, mphepo ikuomba, nyumba za malata ndi matabwa zogundana khoma ndi khoma zimapsa mosayembekeza. Mu Malichi 2017 moto unabuka usiku ku Imizamo Yethu. Ndinadzidzimuka ndi kuphulika kwa masilinda a gasi, nditatsegula chitseko kumwamba kuli psuu, anthu akuthamanga ndi matilesi pamutu m'tinjira tosakwana anthu awiri. Ndinatuluka ndi mwana kumsana ndi foni m'manja, basi. Anthu masauzande anatsala opanda pogona. Anzanga ena mapasipoti ndi mapemiti anapsera momwemo, ndipo kwa mlendo kupsa kwa mapepala kumapweteka kuposa kupsa kwa bedi. Si m'makomboni mokha. Pa 18 Epulo 2021, tsiku lotentha la mphepo, moto wa pa Table Mountain unatsika mpaka kutentha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town. Nyengo yake ndi yomweyi ya masika.

Ndiye muuzeni mwana wanu izi lero lomwe. Mapasipoti, mapemiti, khadi la kuchipatala la mwana ndi mankhwala ake opopera, zonse aziike m'pepala la pulasitiki limodzi, m'chikwama chopachika pafupi ndi chitseko. Azijambulenso pafoni akutumizireni. Kandulo asamaimike pathebulo, aziika m'botolo lothira mchenga pansi. Sitovu ya parafini isatsale yoyaka iye ali panja, ngakhale akungopita kumpopi. Ndowa yodzaza izigona m'nyumba. Ndipo chitseko asamakhome ndi loko wakunja mwana ali m'kati, zimenezi zapha ana.

China chomwe anthu amaiwala dzuwa likamawala: mvula ikadzabwera, Philippi ali pa Cape Flats, malo otsika amchenga pomwe madzi a pansi ali pafupi. Mu Juni ndi Julayi madzi amatulukira pansi pa nyumba, osati padenga pokha. Ino ndiye nthawi yoti apongozi anuwo amate mabowo a denga, akweze bedi pa njerwa, akumbe kangalande kuzungulira nyumba. Kwa mwana wa mphumu chinyezi ndi nkhungu za m'nyumba nthawi yozizira n'zoipa kuposa fumbi la panopa. Apite naye kukiliniki asanayambe kubanika, amuonjezere mankhwala.

DalaivalaN1 anayankha:

Ba agogo, ine ndisabise, mwanayo musamutenge.

Ndimayendetsa thiraki njira imeneyo, kudzera pa mlatho wa Kazungula, Botswana, kenako msewu wa N1 kudutsa Beaufort West mpaka kutulukira ku Paarl. Ndi makilomita pafupifupi 3,000. Kamwana ka zaka 4 ka mphumu mukaike m'basi masiku onsewo, kusintha ku Johannesburg, kugona pa boda? Komanso pa boda amafuna makalata a mwana ndi chilolezo cha makolo ake. Bambo akukana, ndiye asayina ndani?

Ndiponso tisaiwale msanga za kwathu. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, malaiti ankapita mpaka maola 21 patsiku, ndipo malaiti akapita mapampu a zitsime amaima. Kwathu ku Kanyama akazi anga ankadzuka pakati pa usiku kukadikira madzi. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho kolera inadzaza odwala mu bwalo la masewero la Heroes Stadium, masukulu n'kuchedwa kutsegula. Kuno si kothawirako chilala, ba agogo. Ndipo Juni wa Lusaka ndi fumbi ndi utsi wa malasha.

Amene ndikumumvera chisoni ndi mpongozi wanuyo. Mphesa amamaliza kuthyola cha m'Malichi kapena Epulo, ndiye maganyu amakhala atachepa kale. Ku Swartland, mbali ya Malmesbury, alimi a tirigu amafesa miyezi inoyi akudikira mvula yoyamba. Ikachedwa, mlimi amayamba wachotsa waganyu, ndipo waganyu wachilendo ndiye woyamba. Pa chilala chija anthu ambiri a m'mafamu ntchito zinawathera. Ndalama ya basiyo atumizireni alipire lendi ndi kugula dilamu losungira madzi.

AgogoChilenje anayankha:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Aphunzitsi, tsopano ndamvetsa chifukwa chake mwana wanga amayang'ana kumwamba mu Meyi. Ndamuuza za madamu, wati aona akaweruka.

Mwana wanga wa ku Matero, uthenga wanu ndawuwerenga misozi ili m'maso. Za moto sizinandibwerere m'mutu n'komwe, ine ndimangoganiza za ludzu. Ndamuimbira pompano. Wandiuza kuti amaphikira parafini, ndipo nyumba yawo ili ndi chitseko chimodzi, zenera lake ndi lotchinga ndi zitsulo. Ndamuuza kuti usiku uno asagone asanalongedze chikwama chija, ndipo mwamuna wake akambirane ndi eni nyumba zochotsa zitsulo ziwiri pazenera, mpata woti munthu n'kutulutsirapo mwana. Zithunzi za mapasipoti watumiza kale.

Ba dalaivala, mawu anu ndi olimba koma ndawamva. Mtima wanga ukufunabe mwanayo pafupi, sindinama, koma sindilimbana ndi bambo ake. Ndalama ija nditumiza mawa, theka la lendi, theka agule dilamu ndi phula lomatira denga. Kodi ulendo wina munyamuka liti? Ndikufuna ndipite ku Soweto Market konkuno ku Lusaka ndikasankhe pa salaula jekete losalowa madzi, tinsapato ta jombo ndi bulangete la mwanayo. Ngati m'thiraki muli malo a kaphukusi kamodzi, ndilembereni kumbali tigwirizane za mtengo ndi pokumana.