Ndege za mlamu wanga zikundimaliza mu Civilization, thandizeni

Membala wobisa dzina: Anzanga, mutu wanga sukugwira. Ndikusewera Civilization (mwachidule Civ), gemu ya pakompyuta yomanga mizinda ndi kumenya nkhondo, ndi mlamu wanga pa laputopu imodzi, timapatsirana aliyense akatha teni yake. Laputopuyo ndi yanga, koma amaigonera ndi iyeyo, ndipo chaja anandiwonongera mpaka lero sanagule ina. Tsono ndege zake zoponya mabomba zikuphwanya mzinda wanga teni iliyonse. Ndili ndi ma fighter (ndege zomenyana ndi ndege zinzake) atatu mumzindamo ndi mfuti imodzi yoombera ndege, koma zake zimabwera, kuponya, n'kubwerera bwinobwino. Mayi a kunyumba akuti ndisakwiyire mchimwene wawo chifukwa cha gemu. Ndikulakwitsa pati?

Mdala wa Civ V: Achimwene, ndege kukhala mumzinda si kulondera ayi! Mu Civ V fighter umaiika pa Intercept, kuti izitchinga ndege za adani. Ukaituma kukamenya adani teni imeneyo, usayembekezere kuti ikutchinjiriza. Komanso iliyonse imatchinga kamodzi kokha pa teni, pokhapokha itapeza promotion ya Sortie, luso loti izitchinga kawiri. Ana a masiku ano simuwerenga Civilopedia, buku la malangizo la mugemumo, vuto lanu ndi limenelo.

Wa ku Mzuzu: Madala, munthuyu wanena kuti ndi V? Ngati ndi Civ VI, fighter umaitulutsa pa Aerodrome (bwalo la ndege) n'kuiika pa tile (kagawo ka mapu) yoti izilondera pamenepo. Mfutinso imateteza ma tile ogundana nayo okha.

Mdala wa Civ V: Civ VI ija ya 2016 yooneka ngati makatuni? Aise, ine ndinayamba ndi V itangotuluka mu 2010, usandiphunzitse. Ndege za mu V ndiye zili ndi nzeru. Mlamu wakeyo akuchita Air Sweep: amatsogoza ma fighter kuti otchingawo athere pamenepo mpata wawo, kenako oponya mabomba n'kulowa mwaufulu. Ndikulumbira, ndi zimenezo.

Mayi wa awiri: Ine za chaja zandikhudza. Mng'ono wanga anabwereka laputopu yanga, inabwera sikirini itasweka, pepani sananene. Bambo, ikani pasiwedi basi.

Jonijoni: Mlamu wakudyera nsima, wakuthera chaja, tsopano akukuphulitsira mzinda. Mpatsenso makiyi a nyumba 😂

Wa ku Mzuzu: Tiyeni tithandize munthu. Mfutiyo ili kutali bwanji ndi mzinda? Ngakhale mu V imafika ma tile 2 okha. Imodzi siingakwanire ndege zisanu.

Mdala wa Civ V: Wabwerera ku V tsopano eti? Ndimanena ine! Ndiye akakhala ndi Stealth Bomber (ndege yoponya mabomba yosaoneka pa radar) kapena Guided Missile (mzinga wodzilondolera wokha), ingosiyani, zimenezo simungazitchinge. Mankhwala ake n'kulanda mzinda umene zikunyamukirawo. Ine mu gemu ina ndinataya likulu langa chifukwa ndinalibe oil (mafuta ofunika popanga ndege), ndege imodzi yomwe sindinapange. Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Mphunzitsi wopuma: Abambo akuluakulu kukanganirana ndege zapakompyuta. Mverani akazi anu, chibale n'chofunika.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Za pasiwedi ndayesapo, mayi a kunyumba anamuuza tsiku lomwelo. Ndege zake ndi zakuda, zilipo mwina zisanu ndi imodzi. Ndigule mfuti ina kapena ndipange ndege zambiri?

Wa ku Mzuzu: Achimwene, chonde, ndi V kapena VI?

Mdala wa Civ V: Ndi V, ndanena kale.