Za ku Westcliff ku Joni, mabwana anakwera bwanji phiri limeneli?

Mphwake_wa_Ntcheu:
Abale amene mwakhalitsa ku Joni tandithandizeni. Ndangoyamba kumene ganyu ya m'gadeni ku Westcliff, sabata yachitatu ino. Koma malo ake eeh, nyumba zamiyala ngati matchalitchi, misewu yokhotakhota, mitengo mpaka dzuwa osalowa, ndiye dzulo m'mamawa ndamva chinthu chikubangula mpaka ndinataya khasu. Kodi malowa anayamba bwanji? Nanga bwanji anthu andalama chonchi anasankha pamiyala pomwe malo osalala ali mbwee?

AnkoloBenoni:
Hahaha mphwanga usaope, imeneyo ndi mikango ya ku Johannesburg Zoo, ili kumunsi kwanuko kungowoloka Jan Smuts Avenue, ilipo kuyambira 1904. Za phirizo nkhani yake ndi fumbi basi. Golide anamupeza mu 1886, migodi yonse inali cha kummwera, ndiye tauni inali fumbi lokhalokha ndi phokoso la makina ophwanya miyala usiku ndi usana. Eni migodi aja, ankawatchula kuti ma Randlords, anaona kuti fumbi limene likuwalemeretsalo sangamalipume iwo, ndiye anakwera chitunda n'kumanga mbali yoyang'ana kumpoto, migodi kuisiya kumbuyo. Anayambira ku Parktown cha mu 1892, Westcliff inabwera mu 1902 nkhondo ya Maburu ndi Angerezi ikutha. Tsiku lopanda mitambo tayang'ana kumpotoko, uona mapiri a Magaliesberg.

NaBandaWaKuRosebank:
Zoona ankolo. Ndionjezere za miyalayo, simiyala yochokera kutali ayi, ambiri ankaswa pompo pachitundapo. Mzungu wina wojambula mapulani a nyumba, Herbert Baker, yemwe uja wa Union Buildings ku Pretoria, anamanga yake ku Parktown mu 1902 n'kuitcha Stonehouse, ndiye enawo anangotengera. Ku Westcliff kwanuko kuli Glenshiel, nayonso ndi ya iyeyo. Ndiye mitengo mukunenayo musamayese kuti ndi yachilengedwe, kale kunali udzu wokhawokha. Kumunsiko kampani ya Hermann Eckstein inadzala nkhalango yonse kuti azipeza mitengo yochirikizira migodi, ankati Sachsenwald, pano ndi Saxonwold. Dikirani Okutobala muone jakaranda, msewu wonse pepo, kukongola kwake kojambulitsa koma wosesa ndinuyo achimwene, mudzandikumbuka.

Chidzukulu265:
Ine kukongolako sindikukana koma pamandiwawa. Agogo anga anapita pa Wenela, anabwera ndi chifuwa ndi bulangete basi, Kamuzu asanaletse zotumiza anthu mu 1974 ndege ija yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown. Ndalama zomangira nyumba zimenezo zinachokera pansi pomwe ankalowa iwowo. Nthawi ya tsankho munthu wakuda kumeneko amangogona kakachipinda kakuseri, ndi pasi m'thumba, mkazi ndi ana osaloledwa. Lero zidzukulu tabweranso kudzathirira maluwa.

AnkoloBenoni:
Ukunena zoona mwana iwe, sinditsutsa. Kungoti nyumbazo sizinapulumuke zonse, nyumba ya Hohenheim ya a Lionel Phillips, mmodzi wa ma Randlords aja, ku Parktown anaigumula n'kumangapo chipatala chachikulu chija, pano ndi Charlotte Maxeke, zina zinasanduka maofesi. Westcliff ndiye inatsala ya nyumba zokhalamo, kupatula hotela ija ya Four Seasons yomata kuphiri ndi masukulu. Pano aliponso mabwana akuda, amwenye, koma mipanda ndiye yatalika kuposa kale, mawaya amagetsi pamwamba, alonda pageti, woyandikana naye osamudziwa n'komwe.

NaBandaWaKuRosebank:
Achimwene a ku Ntcheu, Loweruka m'mawa kapiteni pa masitepe aja a Westcliff, alipo 210, mukaone anthu ovala zamajowajowa akukwera n'kutsika dala mpaka thukuta, ati kuchepetsa thupi.

Mphwake_wa_Ntcheu:
Kkkk chemwali ndawaona kale amenewo, ine ndimadutsa pomwepo ndikatsika takisi, chikwama kumsana, iwo atanyamula kabotolo ka madzi. Lolemba wina anandifunsa kuti ndapanga maraundi angati.